Buku la Paundi Imodzi

Buku lija ndinaligula paundi imodzi. Mwini wake ankafuna mapaundi anayi, ndipo mpaka lero ndikafika pamenepa pofotokoza nkhaniyi ndimapezeka ndikumwetulira. Matenda anga ndi amenewo. Munthu ukufotokoza mmene unataira mwana wako, koma wayamba waima kaye kuti anthu amve kuti unatsitsa mtengo.

Zinayamba ndi foni. Ndinali m'basi ku Hull, ndikuchokera ku weyahausi komwe ndinkanyamula mabokosi, pamene amake mwana wanga anaimba. Banja lathu linali litatha kale. Iwo anatsogola kubwera kuno ku Mangalande pa ntchito ya unamwino, ine ndi mwana tinatsatira patapita zaka zitatu, ndipo titafika tinkayang'anana ngati anthu okumana pamaliro: kudziwana tikudziwana, koma zokamba zinatha tsiku loyamba. Akuluakulu a kutchalitchi anayesa kutiimira ngati ankhoswe, zinakanika. Amake anatsala ku Wakefield ndi mwana, ine ndinatsata ntchito ku Hull. Chomwe ndinatsala nacho chinali Loweruka limodzi pamwezi, lomwe ndinkakumana ndi mwana wanga wamkaziyo ku Leeds.

"Abambo ake, ndikuuzeni zoona, musadzati sindinanene," anatero amake. "Mwana wakula. Zaka khumi ndi zitatu si masewera. Akuti za Loweruka zija zikumutopetsa."

"Wokwera sitima kuchokera kutali ndi ine, wotopa n'kukhala iye?"

"Za nsapato zija mwaiwala?"

Sindinaiwale. Mwezi wa m'mbuyo mwake ndinalowa naye m'sitolo yaikulu kukamugulira nsapato, ndipo nditaona kuti bokosi lake laphwanyika pakona ndinauza mtsikana wa pakauntala kuti achotseko. Atakana ndinati aitane bwana wake. Kumbuyo kwathu pamzere kunali atsikana awiri a kalasi imodzi ndi mwana wanga. Bwanayo anachotsadi mapaundi awiri, koma nsapatozo sanazivalepo.

"Ine sindingamukakamize, inunso simungamukakamize," amake anapitiriza. "Kuno si kwathu. Wanena kuti mwezi uno abwera, koma malo wasankha yekha, ku myuziyamu ya zithunzi zojambula pamanja ija ya ku Leeds. Akatero aona ngati apitirize kukumana nanu kapena ayi. Chonde, musakachite malonda kumeneko."

Ndinatsika basi nditapitirira siteji yanga.

Muyenera kudziwa kuti kwathu ndinali venda wa ziboliboli. Zaka khumi ndi zinayi ndinakhala m'mbali mwa msewu m'tauni ya Blantyre ndi njovu zanga, mipando yosema, mabawo ndi timikanda. Ndinkaoda kwa osema, n'kupaka polishi wa nsapato kuti mtengo uliwonse uoneke ngati phingo, kenako n'kudikira mzungu wa kabudula. Katundu sagulitsa katundu yekha, chimagulitsa ndi nkhani. Njovu iliyonse inasemedwa ndi malume anga osaona. Malume amenewo, amene sanabadwe n'komwe, anandilipirira lendi zaka zambiri. Ndiye nditamva za myuziyamu sindinachite mantha kwenikweni. Ndinati m'nyumba modzaza katundu wopachika, chomwe chikufunika ndi munthu wodziwa kumufotokoza. Mwana akaona kuti bambo wake si wonyamula mabokosi chabe, Loweruka langa lipulumuka.

Bukulo ndinalipeza pamsika, pa tebulo la mdala wina wogulitsa mabuku akale. Linali buku lolondolera alendo m'myuziyamu yomweyo, lokhala ndi mapu a zipinda kutsogolo, zithunzi zonse zili ndi manambala, chilichonse ndi ndime yake. Ndinalifuna pomwepo, koma nkhope ndinaikwinya ngati ndanunkhiza nsomba ya dzana. Ndinamuonetsa mdalayo pomwe wina anakhazikapo kapu ya tiyi pachikuto. Ndinamuonetsa tsamba lomatuka. Ndinati zithunzi zambiri n'zopanda mtundu, kaya ndi buku kaya ndi nyuzipepala. Ndinanunkhiza n'kutsokomola.

"Tenga, bwanawe, tenga," anatero mdalayo pomaliza. "Ndipatse paundi imodziyo, mutu wayamba kundipweteka."

Ine amene ndinkasiyanitsa phingo weniweni ndi wa polishi pongomukanda ndi chikhadabo, sindinatsegule tsamba lachiwiri pomwe amalembapo chaka.

Mudzafunsa kuti bwanji sindinapite kaye ndekha kukaona malowo. Mashifiti anali othina, tikiti ya sitima inali yodula, zonsezo n'zoona. Koma chachikulu chinali matama. Ndinafotokozerapo azungu njira zonse za paphiri la Mulanje ndisanalikwerepo, ndipo ena anabwera kudzandithokoza.

Masabata atatu ndinalidya bukulo. M'basi, m'kantini pa nthawi ya buleki, ngakhale kuchimbudzi. Mnzanga wina wa ku Zambia ankandipeza ndikulankhula ndekha kutsogolo kwa makina otenthetsera chakudya.

"Amdala, mwayamba ubusa?"

"Ndikukonzekera mayeso."

"Mayeso ya chani pa msinkhu wanu? Idyani, belu ilila manje manje."

Njira ndinailoweza ngati ya kumsika wa Limbe. Ukalowa, khotera kumanzere, chipinda choyamba. Nambala wani, sitima yapamadzi m'namondwe. Nambala seveni, mayi wa tsitsi lalitali ali ndi kagalu, mkazi wa mwini fakitale ya nsalu, anamwalira akadali mtsikana. Ndinaloweza mayina ovuta a ojambula, zaka zawo, amene anafa ali amphawi ndi amene anapenga. Koma katundu wanga wamkulu anali nambala twente-fili, m'chipinda chachinayi: bambo wovula nsapato akuwolotsa mwana wake wamkazi pamtsinje, atamunyamula paphewa. Pamenepo ndinakonza zoti ndisanene zambiri. Ndifotokoze mawu awiri atatu, kenako ndikhale chete, ndipukute diso ndi chala. Ndinayeserera pagalasi. Zinkatheka bwino ndithu.

Loweruka lija kunja kunali kwa mtambo, mvula ya mawawa yosadziwika ngati ikugwa kapena yangopachikika. Ndinavala jekete ya kutchalitchi. Pasiteshoni ya Leeds ndinamuona akutsika sitima ya ku Wakefield ali yekha, chikwama kumsana, tizingwe ta nyimbo m'makutu. Mwezi umodzi wokha, koma anali atatalikanso.

"Wadzuka bwanji, mayi?" Ndinkamutchula choncho kuyambira ali khanda.

Anayankha m'Chingerezi kuti ali bwino. Chichewa ankamva chonse, poti anabwera kuno ali ndi zaka zisanu ndi zitatu, koma chinali chitasiya kutuluka pakamwa. Ine ndinkalankhula chathu, iye n'kuyankha chawo, ngati anthu awiri okankha galimoto imodzi wina kutsogolo wina kumbuyo.

Myuziyamuyo inali chinyumba cha miyala yakuda ndi utsi wakale, masitepe ake otakata. Kulowa kunali kwaulere, ndipo ine zaulere ndimaziopa, chifukwa sudziwa pomwe akakugwirire. Ndinatulutsa buku m'thumba la jekete n'kulitsegula mwaulemu.

"Tsata ine. Tikhotera kumanzere, chipinda choyamba."

Tinakhotera kumanzere. Munali sitolo. Makapu, maambulera, mapositikhadi, ndi mulu wa mabuku atsopano onyezimira olondolera alendo, mapaundi naini limodzi.

"Adadi, buku lake ndi ilo."

"Ndi lomweli, angosintha chikuto kuti adyere anthu. Zithunzi za anthu akufa sizisintha."

Zithunzi sizisinthadi, koma zimasamuka. Chipinda choyamba chinali chitakwera m'mwamba. Sitima ya m'namondwe sindinaione kulikonse. Pomwe mapu anga ankati pali khomo panali khoma loyera, ndipo pomwe ankati pali khoma panali chipinda chachikulu chokhala ndi mulu wa njerwa pakati, chingwe chitazungulira. Ndinayamba kutuluka thukuta m'jekete. Mwana ankanditsata mwakachetechete, manja m'matumba, ndipo venda aliyense amadziwa kuti kasitomala wokhala chete ndiye kuti mapazi ake ayamba kale ulendo.

Kenako ndinaona tsitsi lalitali ndi kagalu. Ndinathamangirako ngati ndaona wachibale kudepoti.

"Uyu ndiye nambala seveni. Taona nkhope yachisoniyo. Mayi ameneyu anakwatiwa ndi mwini fakitale ya nsalu ali wamng'ono. Wojambula anachita dala kuika kagaluko, kusonyeza kukhulupirika m'banja. Patangotha chaka chimodzi, mayiyu anamwalira pobereka."

Ndinatsitsa mawu pa "pobereka". Azimayi awiri achizungu amene anali pafupi sankamva Chichewa, komabe anatembenuka, chifukwa mawu achisoni ndimawatha.

Mwana anawerama n'kuwerenga kachikwangwani ka m'mbali.

"Adadi, ameneyu ndi mwamuna. Anali woweruza milandu. Tsitsilo ndi wigi."

"Ndimakuyesa ngati ukutsatira."

Sanaseke. Anangondiyang'ana, kenako anayang'ana buku.

Ndinaganiza zongothamangira ku katundu wamkulu zinthu zisanaipiretu. Pakona panali mayi wina woyang'anira chipinda, wovala yunifolomu, wailesi yam'manja ili m'chiuno. Ndinamuonetsa nambala twente-fili. Anatenga bukulo, n'kulitembenuza, n'kutsegula tsamba lachiwiri lija.

"Kalanga ine, mwalipeza kuti limeneli? Linasindikizidwa ine ndisanayambe sukulu." Anaseka, koma osati monyoza. "Chithunzi mukufunachi chilipo, koma chili kosungira katundu, pansi. Papita zaka chisanapachikidwe. Zambiri zili kumeneko, makoma sakwanira."

"Pansi pompano?"

"Pompano, koma alendo salowako. Mumayenera kulemba kalata, amakupatsani tsiku."

Munthu wanzeru akanathokoza n'kuchoka. Ine ndinamva kuti katundu alipo, ndipo pali munthu amene akudziwa komwe kuli kiyi.

"Mayi, tachokera kutali. Mphindi zisanu zokha."

"Sizingatheke, bambo."

"Ziwiri. Sitikhudza kanthu. Chabwino, ine nditsale, alowe mwana yekhayu. Chabwino, tingosuzumira pakhomo."

Dzanja langa linali litalowa kale m'thumba la thalauza, lokha, kukafuna ya tiyi. Linaima m'njira, koma mayiyo anali ataliona. Nditacheuka, mwana panalibe.

Ndinamupeza zipinda ziwiri kutsogolo, atakhala pa benchi, kope lojambulira lili pamwendo, pensulo ikuyenda. Ndinakhala kumapeto kwa benchiyo. Kutsogolo kwathu kunali chithunzi chachikulu cha msika wa mahatchi, matope, anthu a zipewa, mitambo yolemera ngati ya panja. Ndinafufuza m'buku mwakabisira. Munalibe. Ndinaliika m'thumba. Kwa nthawi yoyamba tsiku limenelo ndinalibe choti ndinene, ndiye ndinangoyang'ana.

Mahatchi sindiwadziwa, koma akuba anzanga ndimawadziwa.

"Hatchi iyo ndi yopunduka," ndinatero, osati kwa iye kwenikweni.

Pensulo inaima.

"Taona wogulitsayo. Waikanula kukamwa kuti wogula aone mano. Koma chijasi chake wachikoleka pamkono n'kuchilendeweretsa pa mwendo wakumbuyo. Kuzizira konseko, anzake onse avala majasi, iye wavuliranji? Vuto lili kumwendo, ndiye akumutengera kumano."

Anasuntha pang'ono kubwera kufupi.

"Ndiye uyo watsamira mpandayo, akuloza hatchi ngati wangodutsa n'kuisirira, si wodutsa ameneyo. Ndi mnzake. Ntchito yake ndi kunena kuti, bwana mukaisiya ndiitenga ine. Madzulo agawana."

"Mwadziwa bwanji?"

Ananena m'Chichewa. Mawu awiri okha, opindika pang'ono ngati a mzungu wa mishoni, koma anali athu. Ndinachita ngati sindinamve, kuopa kuwathawitsa.

"Taona m'khosi mwawo. Mipango yofiira yofanana, yodula pa nsalu imodzi. Wojambulayu anakhalapo pamsika. Mwina anamubera hatchi."

Anadzuka, n'kupita pafupi mpaka pomwe chingwe chimalekezera, n'kuyang'anitsitsa. Kenako anaseka, kuseka kwenikweni, kogwira pakamwa, komwe ndinali ndisanakumve chichokereni m'nyumba mwa amake.

"Inuyo munkatero?"

"Ine ndinali wa mpanda. Nditakula ndinakwezedwa kukhala wa chijasi."

Anatembenuza tsamba n'kuyamba kujambula chijasi ndi mwendo. Titachoka pamenepo tinayenda zipinda zina zitatu buku lili m'thumba. Iye ndiye ankatsogolera. Anandionetsa kuti chipale chofewa cha pachithunzi china sichinali choyera ayi, chinali ndi buluu ndi pinki mkati, ndipo nditayandikira ndinaonadi. Anandiimika pa chithunzi cha tebulo lokhala ndi nsomba ndi ndimu yosenda theka, n'kundifunsa ngati nsombayo ndi yalero. Ndinati diso lalowa m'kati, imeneyo ndi yotsitsa mtengo. Anasekanso. Ola limenelo ndi lomwe ndili nalo. Ndikamalikumbukira ndimayenda pang'onopang'ono kuti lisathe msanga, koma limatha. Mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi.

Tinatsikira kumalo omwera tiyi, m'chipinda cha matailosi okongola ndi denga lalitali. Ndinagula tiyi ndi keke, ndipo ndikulumbira sindinafunse chifukwa chake keke imodzi ikudula ngati nkhuku. Tinakhala pa tebulo la pakona. Iye anagwira kapu ndi manja awiri n'kuyang'ana m'kati mwake.

"Adadi, ndikufuna kunena chinachake. Musandidule."

Anayamba m'Chichewa, pang'onopang'ono, ngati munthu woponda miyala ya pamtsinje. Anati wapeza malo m'kalasi ya zojambula ku Wakefield, ndipo imachitika Loweruka lililonse. Anati sangathe kumabwera mwezi ndi mwezi. Koma pa holide iliyonse ya sukulu akufuna tizikumana, kanayi pachaka, tsiku lonse, konkuno ngati ndikufuna. Mawu atamuthera anamalizira m'Chingerezi, kuti lero zinali bwino, kuposa mmene ankaganizira.

Ndikanangoti zikomo, mayi. Mawu awiri. Munthu amene m'mawa ankaopa kutsala wopanda kanthu anali atapatsidwa masiku anayi, ndi kuseka pamwamba ngati basela.

Koma khutu langa linaleredwa pamsewu. Linamva kuti khumi ndi awiri atsika kufika pa anayi, ndipo linamvanso chinthu china: kasitomala wanena yekha kuti katundu wamusangalatsa. Pamsewu mtengo woyamba si mtengo, ndi moni chabe. Amene wanena anayi ali ndi asanu ndi atatu m'thumba.

"Kanayi? Mayi, ine ndimaganiza zoti tiwonjezere, tizikumana kawiri pamwezi."

"Adadi, ndanena kuti kuli kalasi."

"Kalasi ndi m'mawa, masana ulipo. Chabwino, tisiye kamodzi pamwezi monga kale, kuphatikizapo Khirisimasi."

"Sindingathe. Pali homuweki, pali anzanga."

"Anzako ndiwo anakubereka? Chabwino, kakhumi. Ndachotsa miyezi ya mayeso."

"Adadi."

"Kasanu ndi katatu, lasiti. Pamenepo ndadzipweteka ndekha."

Ndinkamwetulira ponena zimenezi. Ndinkaona ngati tikusewera, ngati tikupitiriza za mahatchi zija. Iye anaika kapu pansi. Anati, m'Chingerezi chosanjenjemera, uno si msika, kanayi ndi kanayi, waganizira nthawi yaitali.

Pali njira imodzi yomwe inkatsala zina zonse zikakanika, ya pokaoda katundu kwa osema. Mmisiri akauma pa mtengo wake, umaika chibolibolicho pansi bwinobwino, n'kutsanzika mwaulemu, n'kuyamba kuyenda. Sutembenuka. Susiya kanthu kako pamalopo, kuti asaganize kuti ubweranso. Usanathe mapazi khumi amakuitana: bwerani, achimwene, tikambirane. Zaka khumi ndi zinayi, amene sanandiitane sakwana zala za dzanja limodzi.

Ndinaimirira. Ndinavala jekete, n'kumanga mabatani onse.

"Ngati bambo ako ndi wa kanayi pachaka, usavutike, mayi. Sunga masiku akowo. Ndamva."

Ndinayamba kuyenda. Ndinkawerenga mumtima. Phazi lachitatu, lachinayi, kudutsa tebulo la banja lina lodya masangweji. Lachisanu ndi chiwiri, ndinachepetsa liwiro kuti mawu andipeze. Lakhumi linandifikitsa pakhomo. Ndinamva masupuni, makina a khofi, mwana wa eni akulira. Ndinati mwina akuchita manyazi kukuwa pagulu, adzanditsatira m'khonde. Ndinadutsa m'khondemo, ndinadutsa sitolo ija, ndinatuluka panja, ndinatsika masitepe.

Mvula inali itayamba yeniyeni. Ndinaima kuseri kwa chipilala, pomwe ndinkatha kuona khomo. Apanso nzeru za pamsewu zinandilangiza: ukabwerera msanga wadzitchipitsa, mtengo susunthanso. Ndiye ndinadikira. Munthu wamkulu, wa imvi za m'mbali, jekete ya kutchalitchi ikunyowa, kubisalira mwana wake kuseri kwa mwala. Khomo likatseguka ndinkakonza nkhope. Kunkatuluka ana asukulu, nkhalamba za ndodo, anyamata ndi zibwenzi zawo. Ndinayang'ana wotchi kawiri. Panadutsa mphindi makumi awiri.

Nditalowanso, pa tebulo lathu panali azimayi awiri okalamba, makapu ena, keke ina. Ndinafunsa mayi wa pakauntala ngati waona mtsikana wa chikwama kumsana.

"Amene munakhala naye uja? Anakhala nthawi ndithu. Amangoyang'ana kukhomoko. Ndinamufunsa ngati ali bwino, anati akudikira bambo ake." Anapukuta manja pa epuloni. "Kenako anandifunsa ngati kuli khomo lina lotulukira. Ndinamulozera la kumbali."

Ndinathamanga. Sindikudziwa chifukwa chake ndinayamba kaye ndakwera m'mwamba kukayang'ana pa benchi ya mahatchi paja. Panali munthu wina. Ndinatsika, n'kudutsa m'misewu ya Leeds pakati pa anthu a zikwama za m'sitolo, foni ili kukhutu. Inkaitana osayankhidwa, kenako inazimitsidwa. Sitima za ku Wakefield zimanyamuka pafupipafupi. Ndinayenda pulatifomu yonse kusuzumira m'mawindo a yomwe inaima, mpaka wantchito wina anandifunsa ngati ndasochera.

Amake anaimba ndili m'sitima yobwerera ku Hull, kunja kukadali kowala, minda yonyowa ikudutsa pawindo.

"Wafika."

"Mpatseni foni."

"Ali kuchipinda, wakhoma. Akuti munamusiya yekha pa tebulo n'kumuuza kuti asunge masiku ake."

"Sindinapite kulikonse. Ndinali panja pomwepo."

"Panja mumatani?"

Ndikanafotokoza bwanji kuti ndimadikira kuti mtengo ukwere?

"Muuzeni kuti kanayi kaja ndavomera."

Amake anatsitsa mawu.

"Abambo ake, kanayi kameneko mukudziwa komwe kanachokera? Ine ndinamuuza kuti ngati sakufuna angosiyiratu, palibe angamudzudzule. Iye ndiye anakana. Sabata yonse wakhala akulemba papepala zoti akakuuzeni, n'kumandifunsa mawu a Chichewa. Usiku wathawu amayeserera kukhitchini, kundifunsa ngati akutchula bwino."

"Muuzeni ndavomera. Ngakhale katatu. Kawiri. Anene yekha."

"Mukunenererabe, mukudzimva?"

Mayi wina wa mpando woyang'anana ndi wanga ananditambasulira kapepala kopukutira. Ndinakalandira n'kuthokoza. Diso lomwe ndinaliphunzitsa pagalasi lija silinafune chala tsopano.

Ndinalemba makalata atatu. Yoyamba inali yaitali, yofotokoza mmene malonda amayendera kwathu, kuti kuchoka si kuchoka. Nditaitumiza ndinazindikira kuti ndafotokoza zonse kupatula kupepesa. Yachiwiri ndinapepesa. Yachitatu ndinangolemba masiku omwe sindidzakhala kuntchito. Amake anati zonse zinafika, ndipo anazipereka m'manja mwake. Kupitirira pamenepo, anati, si mbali yawo.

Holide ya Pasaka itayandikira ndinafufuza tsiku lotsekera sukulu za ku Wakefield, n'kupempha tchuthi cha sabata yonse. Ndinameta, ndinachapa jekete, ndinaika foni pa tebulo pafupi ndi windo pomwe netiweki inkagwira bwino. Lolemba inakhala chete, Lachiwiri chimodzimodzi. Lachinayi masana inalira, ndipo ndinagunda bondo pa mpando poithamangira. Anali a ku weyahausi. Anthu awiri sanabwere, lole yafika, kodi ndingathe kudzathandiza kutsitsa?

Ndinavala jombo n'kupita.